Tartan za maboma a ku Ireland: zinachokera kuti, ndipo ogulitsa amanamiza pati

Munthu akalowa pa tsamba la sitolo yogulitsa kilt (chovala cha amuna cha ku Scotland chonga siketi) pa intaneti n'kulemba dzina loti Murphy kapena Kelly, posakhalitsa pamatuluka chithunzi cha nsalu ya mizere yopingasana. Pansi pake amalembapo kuti iyi ndiyo tartan ya makolo anu, ya boma la Cork kapena la Galway, imene anthu a kumeneko akhala akuvala kuyambira makedzana. Nsaluyo ilipodi, ndipo kawirikawiri imakhala yabwino, ya ubweya wa nkhosa weniweni. Chinyengo chagona pa mawu awiri aja, "makedzana" ndi "makolo anu". Tartan za maboma a ku Ireland zinajambulidwa cha m'ma 1995 ndi 1996, ku Scotland, ndi kampani yowomba nsalu imene inkafuna msika watsopano.

Tartan ndi nsalu ya mabokosimabokosi ija ambiri timangoti sikochi, koma ili ndi lamulo lake la kawombedwe. Ulusi wamitundumitundu umayalidwa m'litali motsatira ndondomeko inayake, kenaka ndondomeko yomweyo imabwerezedwa chopingasa. Pamene ulusi wofiira wadutsana ndi wofiira pamaoneka kufiira kwenikweni, pamene wofiira wadutsana ndi wakuda pamatuluka mtundu wosakanikirana. Nchifukwa chake tartan ya Rob Roy, ya ulusi wa mitundu iwiri yokha, imaoneka ndi mitundu itatu, ndipo ya ulusi wa mitundu isanu ndi umodzi imatulutsa maonekedwe 21. Ndondomekoyi imalembedwa ndi zilembo ndi manambala: K ndi ulusi wakuda, G wobiriwira, B wabuluu, R wofiira, Y wachikasu, W woyera, ndipo nambala yotsatira chilembo imanena kuchuluka kwa ulusi wa mtundu umenewo. Chiwerengero cha ulusichi ndicho dzina lenileni la tartan. Dzina lolembedwa pa kapepala ka m'sitolo aliyense angalisinthe, koma chiwerengero cha ulusi chimatsatika mpaka kwa amene anachijambula. Kilt ndiye chovala cha amuna chofika m'mawondo, chosalala kutsogolo ndi cha mipindo kumbuyo, chosokedwa ndi nsalu imeneyi.

Chilumba cha Ireland chili ndi maboma 32 a mwambo, amene kumeneko amawatcha county. Maboma 26 ali m'dziko la Republic of Ireland, 6 ali ku Northern Ireland, ndipo onse amagawidwa m'zigawo zinayi: Leinster, Munster, Connacht ndi Ulster. Kampani ya House of Edgar, ya ku Perth ku Scotland, inapatsa wojambula wake Polly Wittering ntchito yopanga tartan imodzi pa boma lililonse. Iye anasankha mitundu yofatsa, yokumbutsa mapiri, madambo ndi nyanja za dzikolo. Wojambula yemweyo ndiye anapanganso tartan yotchedwa Irish National. Patapita zaka zingapo, m'ma 2000, kunabwera gulu lina la tartan za maboma omwewo, lotchedwa County Crest, lowombedwa ndi kampani ya Marton Mills ya ku Yorkshire ku England. Izi mitundu yake inatengedwa ku zizindikiro za maboma, choncho ndi zowala kwambiri. Nayo kampani ya Lochcarron ya ku Selkirk ili ndi tartan zake za mayina a ku Ireland.

Chotsatira chake n'chakuti boma limodzi lili ndi tartan ziwiri kapena kuposerapo zosafanana m'pang'ono pomwe. Anthu awiri a ku Cork akhoza kukumana pa ukwati, aliyense atavala "tartan ya Cork", wina ya mitundu yozizira, wina yowala ngati mbendera. Palibe amene walakwitsa pakati pawo, chifukwa palibe imene inasankhidwa ndi aliyense waulamuliro. Makampani amene anazijambula sanabise kuti ndi zatsopano. Nkhani imasokonekera pa sitepe yotsatira, pamene wogulitsa akulemba mawu okopa kasitomala.

Mawu amene amagwiritsidwa ntchito molakwika kwambiri ndi oti "yovomerezeka". Ku Scotland, tartan ya fuko imakhala yovomerezeka mfumu ya fukolo ikaivomereza, ndipo ya mzinda kapena dera imavomerezedwa ndi khonsolo ya kumaloko. Zili ngati nsalu ya chitenje ya mpingo: imakhala ya mpingowo chifukwa atsogoleri ake anaivomereza, osati chifukwa wamalonda wadindapo dzina la mpingo. Tartan za House of Edgar sizinapemphedwe kapena kuvomerezedwa ndi makhonsolo a maboma, ndipo zolemba za m'kaundula wa tartan zimanena zimenezi poyera. M'malo ena palibe ngakhale khonsolo yoti ikanavomereza. Ku Northern Ireland makhonsolo a maboma asanu ndi limodzi aja anathetsedwa mu 1973. Boma lakale la Dublin linagawidwa mu 1994 kukhala Fingal, South Dublin ndi Dún Laoghaire-Rathdown. Ofesi ya Chief Herald of Ireland, imene ili pansi pa National Library ku Dublin, imapereka zizindikiro kwa anthu ndi mabungwe, koma za tartan si ntchito yake.

Mawu ena ndi oti "yolembetsedwa m'kaundula". Awa amakhala oona, koma tanthauzo lake ndi laling'ono kuposa mmene limamvekera. Scottish Register of Tartans inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo ya Scotland la 2008, inayamba ntchito mu February 2009, ndipo imayendetsedwa ndi National Records of Scotland. Munthu aliyense, wa dziko lililonse, angajambule tartan yake, n'kulipira ndalama, n'kuilembetsa, bola ikhale yosiyana ndi zimene zilimo kale. Muli tartan za masukulu, za makampani, za matimu a mpira, za zikumbutso. Kulembetsa kumangosonyeza kuti kapangidwe kameneka kalipo ndipo kali ndi mwini wake. Ubwino wa kaundulayu kwa wogula ndi wakuti amaonetsa dzina la wojambula, chaka, ndi gulu limene tartan yaikidwamo, monga ya fuko, ya dera, ya bungwe kapena ya fashoni chabe. Kufufuzamo n'kwaulere.

Bodza lalikulu, limene limabala mabodza enawa, ndi loti Aairishi akale ankavala kilt ya tartan. Chovala cha Aairishi a m'zaka za m'ma 1500 chimadziwika bwino kuchokera ku zithunzi, malamulo ndi zovala zofukulidwa pansi. Chinali léine, malaya aatali a nsalu ya bafuta a manja otakasuka, kawirikawiri onyikidwa mu utoto wachikasu, ndi brat, chofunda chachikulu cha ubweya. Ena ankavala buluku lothina. Mu 1537, mu ulamuliro wa Mfumu Henry VIII ya ku England, kunatuluka lamulo loletsa utoto wachikasuwo ndi kuletsa kusoka malaya ndi nsalu yoposa mayadi 7, zomwe zikusonyeza mmene malayawo ankakulira. Munthu akamanga lamba pa léine n'kuikwezera m'mawondo, m'munsi mwake mumachita makwinya. Zithunzi za m'buku la John Derricke la 1581 zimaonetsanso majekete aafupi okhala ndi mipindo m'chiuno. Anthu a m'zaka za m'ma 1800 ataona zithunzi zoterezi ndi ziboliboli za pa miyala, anaganiza kuti akuona kilt.

Umboni womveka bwino ukuchokera kwa Mwairishi amene. Mbiri ya moyo wa mfumu Red Hugh O'Donnell, yolembedwa m'chiairishi ndi Lughaidh Ó Cléirigh, imafotokoza za asilikali aganyu ochokera ku zilumba za Scotland amene anabwera kudzathandiza nkhondo mu 1594. Wolembayo akuti ankazindikirika pakati pa Aairishi chifukwa cha zovala zawo, zofunda za mawangamawanga zomangidwa ndi lamba kunja kwake. Akatswiri ambiri amati awa ndiwo mawu oyamba ofotokoza kilt yaikulu ya ku Scotland. Chovalacho chinatchulidwa ndendende chifukwa chinali chachilendo m'maso mwa Aairishi.

Kilt ya ku Ireland ili ndi mbiri yake yeniyeni, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ogulitsa amaikwirira ndi nthano. Inabadwa pa nthawi ya chitsitsimutso cha chikhalidwe ndi chinenero, bungwe la Gaelic League litakhazikitsidwa mu 1893. Anthu ankafuna chovala chowasiyanitsa ndi Angelezi. Mu 1900 Patrick Pearse, amene pambuyo pake anatsogolera kuukira ulamuliro wa Britain mu 1916, anafunsidwa maganizo ake pa chovala cha fuko. Anali ataona buluku lakale lofukulidwa ku Killery m'boma la Sligo, ndipo m'kalata yake anati likuoneka ngati chovala chamkati, kotero kuli bwino kutenga kilt ngakhale bulukulo ndilo linali lachiairishi chenicheni. Pearse ankadziwa kuti akubwereka. Sukulu yake ya St Enda's, yotsegulidwa mu 1908, inalimbikitsa anyamata kuvala kilt. Koma kilt zimenezi zinali za mtundu umodzi, zachikasu chodera kapena zobiriwira, dala kuti zisafanane ndi za ku Scotland. Mpaka lero oimba zitoliro za thumba a Irish Guards ndi a Royal Irish Regiment (magulu a asilikali a Britain) komanso a gulu lankhondo la Republic of Ireland amavala kilt yachikasu yopanda mizere. Amene akufuna kilt yokhala ndi mizu yoposa zaka zana ku Ireland, ndi imeneyo.

Pali nsalu ya tartan yakaledi imene inapezeka m'nthaka ya Ireland. Mu 1956 mlimi wina wa pafupi ndi Dungiven, m'boma la Derry, anafukula mtolo wa zovala: chofunda, jekete, buluku la tartan, lamba ndi nsapato zachikopa. Audrey Henshall, katswiri wa ku nyumba yosungira zakale ku Edinburgh, anazipima, ndipo zikuganiziridwa kuti ndi za kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 kapena koyambirira kwa m'ma 1600. Zimasungidwa ku Ulster Museum ku Belfast. Dothi lakuda la m'dambo linasandutsa nsaluyo kukhala yodera, choncho lero tartan yotchedwa Ulster imawombedwa mitundu iwiri, ina yotsanzira mmene inatulukira m'dothi, ina yofiira yoyerekeza mmene iyenera kuti inalili ili yatsopano. Onani kuti linali buluku, osati kilt, ndipo linapezeka kumpoto, kumene anthu ankawoloka nyanja kupita ndi kuchokera ku Scotland nthawi zonse. Palibe chosonyeza kuti mizere yake inkaimira boma kapena banja. Dzina loti Ulster linaperekedwa ndi anthu a masiku ano.

Kwa zaka zambiri mabuku ndi masitolo ankabwereza kuti tartan zina za mabanja a ku Ireland, monga yotchedwa Tara kapena Murphy, zinachokera m'buku la zitsanzo za nsalu lotchedwa Clans Originaux, lopangidwa ku Paris mu 1880 ndi kampani ya J. Claude Frères. Wina akalemba, mnzake n'kukopera, osaona bukulo ndi maso. Ofufuza a Scottish Tartans Authority ataona zamkati mwake, koyambirira kwa zaka za m'ma 2000, anapeza mayina a ku Scotland okhaokha. Komabe chaka cha 1880 chikadalembedwabe pa masamba ambiri a malonda.

Mndandanda wolumikiza mayina a mabanja ndi maboma ndiwo umagwira anthu ambiri. Murphy ndilo dzina lofala kwambiri ku Ireland, ndipo linaphuka palokhapalokha m'madera angapo, monga Wexford, Cork ndi Roscommon, pakati pa mabanja osakhala pachibale. Kelly nalo lili ndi magwero angapo, lalikulu ku Galway ndi Roscommon. Kuuza Murphy aliyense kuti kwawo ndi ku Cork n'chimodzimodzi kuuza a Phiri onse kuti kwawo ndi mudzi umodzi. Maboma enieniwo sanali magawo a mafuko achiairishi. Anadulidwa ndi olamulira a ku England pang'onopang'ono kuyambira zaka za m'ma 1200, lomaliza kukhala Wicklow mu 1606, ndipo Laois ndi Offaly ankatchedwa Queen's County ndi King's County mpaka cha m'ma 1920. Munthu wofuna kudziwa boma la agogo ake ayambe ndi zikalata: kalembera wa 1901 ndi wa 1911, amene ali pa intaneti kwaulere kudzera ku National Archives of Ireland, kaundula wa malo wotchedwa Griffith's Valuation wa pakati pa 1847 ndi 1864, zikalata za kubadwa ndi imfa zoyambira 1864, ndi mabuku a ubatizo a maparishi a Katolika amene National Library inawaika pa intaneti mu 2015. Kalembera wambiri wakale anapsa ndi moto wa ku Four Courts, nyumba za makhoti ku Dublin, mu 1922, nchifukwa chake kufufuzaku kumafuna kuleza mtima.

Anthu a ku Ireland amakondadi maboma awo, koma chikondicho amachionetsa ndi jezi ya masewera a bungwe la GAA, loyang'anira masewera a chiairishi, lokhazikitsidwa mu 1884. Wa ku Cork amavala zofiira ndi zoyera, wa ku Kerry zobiriwira ndi zagolide, wa ku Kilkenny zakuda ndi zachikasu, wa ku Mayo zobiriwira ndi zofiira. Msika waukulu wa tartan za maboma uli kutsidya kwa nyanja, makamaka ku United States, kumene anthu oposa 30 miliyoni amati makolo awo anachokera ku Ireland, ambiri a iwo zidzukulu za anthu amene anathawa njala ya 1845 mpaka 1852. Kumeneko magulu oimba zitoliro a apolisi ndi ozimitsa moto, zionetsero za tsiku la St Patrick pa 17 March ndi maukwati zinachititsa kuti kilt ifunike. Munthu amene agogo ake anasiya mudzi zaka 170 zapitazo amalakalaka chinthu chogwirika chomulumikiza ndi kwawo. Chilakolako chimenechi n'choyenera kuchilemekeza, ndipo kuchidyera masuku pamutu ndi mbiri yopeka n'kulakwira munthuyo kawiri, pa ndalama zake ndi pa zimene adzauze ana ake.

Wina angati nanga za ku Scotland si zopekanso? Mbali ina n'zoona. Kulumikiza tartan ndi mafuko kunakhazikika cha m'ma 1815, Highland Society of London itapempha mafumu kutumiza zitsanzo, n'kukula Mfumu George IV itayendera Edinburgh mu 1822. Zambiri zinachokera m'mabuku a malonda a kampani ya Wilsons of Bannockburn, ndipo zina m'buku lachinyengo la Vestiarium Scoticum la 1842. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Scotland tartan inkavalidwadi tsiku ndi tsiku kwa zaka mazana ambiri mayinawo asanabwere, ndipo mayinawo akhala zaka mazana awiri akuvomerezedwa ndi mafumu a mafuko. Za maboma a ku Ireland zangokwanitsa zaka pafupifupi 30. Zikhoza kudzazika mizu anthu akapitiriza kuzivala, ndipo palibe cholakwika kuvala chinthu chatsopano podziwa kuti n'chatsopano. Palibenso lamulo loletsa munthu kuvala tartan ya boma limene sanachokereko, ngakhale ena amalankhula za "ufulu wovala" pofuna kukometsa malonda.

Liwu lachingerezi loti "Ancient" likalembedwa pambali pa dzina la tartan silinena za zaka. Ndi dzina la kaphikidwe ka utoto, kotanthauza mitundu yopepuka, pamene "Modern" ndi mitundu yolimba, yoderako ndipo "Weathered" ndi yooneka ngati yasuluka ndi dzuwa ndi mvula. Chiwerengero cha ulusi chimakhala chimodzimodzi pa zonsezi.

Pogula, funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti nsaluyi yawombedwa ndi kampani iti, ndipo ndi ya gulu liti, la House of Edgar kapena la County Crest. Wogulitsa wokhulupirika amayankha msanga. Amene akungoti "yochokera kunja" kapena kuzemba funsolo kawirikawiri akugulitsa yokopera, imene ulusi wake wasinthidwa pang'ono ndipo mitundu siigwirizana ndi ya eni ake. Izi zimapweteka pa ukwati, pamene aperekezi agula m'masitolo osiyanasiyana n'kupezeka kuti "Donegal" ya wina siifanana ndi ya mnzake. Itanitsani kachidutswa ka nsalu musanalipire, chifukwa mitundu ya pa foni ndi pa kompyuta imanamiza, makamaka yobiriwira ndi yabuluu. Kachidutswako kamathandizanso kuyesa ulusi: wa ubweya ukawotchedwa umanunkha ngati tsitsi lopsa n'kusiya phulusa lofumbutuka, pamene wa acrylic umasungunuka n'kuuma ngati kamkanda.

Kulemera kwa nsalu kumalembedwa ndi manambala 16 oz, 13 oz kapena 10 ndi 11 oz (oz ndi chidule cha ounce, pafupifupi magalamu 28), poyeza yadi imodzi ya nsalu yotambalala mainchesi pafupifupi 54 mpaka 60. Ya 16 oz ndiyo yolemera, ya 13 oz yapakati, ndipo tartan za maboma za House of Edgar zimapezeka kwambiri pa 13 oz, imene imakwanira bwino kilt. Ya 10 kapena 11 oz ndi ya matayi ndi masiketi. Pa kilt mipindo yake siikhalitsa ndipo imauluka ndi mphepo. Kilt yathunthu imadya mayadi 8, pafupifupi mamita 7.3, a nsalu yopapatiza, kapena mayadi 4 a yotambalala odulidwa pakati m'litali n'kulumikizidwa. Imakhala ndi mipindo yozama cha pakati pa 25 ndi 30, malinga ndi kukula kwa munthu ndi kwa bokosi la tartan, limene nthawi zambiri limakhala mainchesi 6 mpaka 8. Ya mayadi 5 ndi yopepuka ndi yotsika mtengo, ndipo si yoipa, bola isagulitsidwe ndi dzina la ya mayadi 8. M'munsi mwa kilt yabwino mulibe mpindiro, mumathera pa mphepete yowombedwa ya nsaluyo. Mkati, kumtunda kwa mipindo, telala amadula nsalu yotsalira n'kuikamo chinsalu cholimba ndi kansalu kogwira pakati pa malamba. Zimenezi zikasowa, kilt imatanuka pakapita miyezi ingapo, mabakulo amakoka nsalu ndipo mizere ya kumbuyo imapotoka.

Miyeso ndi itatu: m'chiuno pa mchombo kapena pamwamba pake pang'ono, osati pamene pamakhala lamba wa thalauza, m'matako pamene pali potakata kwambiri, ndi kutalika kuchokera pa mzere wa m'chiuno uja mpaka pamwamba kapena pakati pa bondo. Ayeze munthu wina, woyezedwayo ataimirira chilili, chifukwa akawerama kuti aone tepi muyeso wa kutalika umalakwika. Kupereka saizi ya thalauza ndiko kulakwitsa kofala kwambiri, poti manambala a pa thalauza amakhala ochepa kuposa chiuno chenicheni ndi mainchesi angapo. Telala adzafunsanso ngati mipindo itsatire bokosi lonse la tartan, kuti kumbuyo kufanane ndi kutsogolo, kapena itsatire mzere umodzi monga amachitira asilikali. Kilt yosokedwa pa muyeso wa munthu siibwezedwa kusitolo, ndipo nsalu ya boma losafunidwa kawirikawiri ikatha m'nkhokwe pamadutsa miyezi isanawombedwenso, choncho wokonzekera ukwati afunse ngati nsaluyo ilipo asanapereke ndalama yachikole.